Injini ya chilole cha asilikali yakhala zaka osalira, ndiilize pansi kaye kapena ndingoikweza?

Chilole6x6

Akuluakulu moni nonse. Paja amati safunsa anadya phula nde ndati ndifunse kaye ndisanaononge chinthu choti ndachivutikira. Ndili ndi chilole chakale cha asilikali, M35A2 chija cha matayala 10, injini yake inanoka chaka chatha mpaka kondirodi kutulukira pambali pa buloko moti palibenso chokonza apo. Mwamwayi ndapeza ina yamtundu omwewo, LDT-465 ya masilinda 6 ya turbo. Amene wandigulitsa akuti inakonzedwa yonse kenako anangoisunga osailizapo olo kamodzi, ndipo yakhala choncho zaka zoposa 15. Poyamba akuti inali mu chibokosi chachitsulo chija asilikali amasungiramo ma injini koma chivindikiro chake anachotsa kalekale, yangokhala yofunditsidwa lona mu shedi.

Kuiona kunja ili bwino, penti sinasupuke, polowera mpweya ndi potulukira utsi anamatapo matepi ngakhale ena anayamba kumatuka. Oyilo pa dipisitiki akuoneka woyera ndipo madzi sindinawaone. Flywheel ilipo ndi housing yake, sitata nditenga ya injini yakufayo, mabatire awiri ndili nawo.

Nde mutu wanga waima apa. Mtima wina ukuti ingoikwezani mu chilolemo poti radiyeta, thanki, mawaya zonse zili momwemo kale, mtima wina ukuti ukaikweza nkupezeka kuti ndi yakufa uzalira ndi ndani poti kuitsitsanso ndi chintchito. Kodi ndizotheka kuiliza ili pansi pompa? Ndiyambire pati kuti ndisaiphe pa tsiku loyamba lomwelo? Komanso ndamvapo zoti ma injini a dizilo okhalitsa amatha kuthawa osazimanso, zimenezozi nzoona kapena ndi nkhambakamwa za ku garaja? Ine za petulo ndimazigwiragwira koma dizilo wamkulu chonchi ndi koyamba.

Wadizilo

Man musazivutitse. Ma injini amenewo anawapangira ku nkhondo, amamwa chilichonse dizilo, parafini olo petulo wosakaniza ndi oyilo amalira basi. Ikani mabatire, payipi mu chigubu, mupopere ka sipuleyi ka ether kaja kothandiza injini kulira msanga polowera mpweya kenako gwazani sitata. Ikalira ndiye kuti ili bwino ikapanda kulira ndiye mwadziwa. Ine ndalizapo ambiri okhalitsa sindinawerengeko buku olo limodzi kkkk

Madala_Sipanala

Aphwanga, ilizeni pansi, pamenepo musachite kuganiza kawiri. Ine ntchitoyi ndakalamba nayo ndipo kukweza injini yokhalitsa osaiyesa ndinachitapo kamodzi kokha. Tinamanga zonse mpaka giya bokosi masiku atatu athunthu, kuliza chonchi oyilo ali chuu kuchokera kumbuyo kwa kiranki, mawa lake nkuyambanso kumasula zomwe tinamangazo. Chinthu cholemera kuposa theka la tani sichokweza kawiri ayi.

Koma zomwe akunena a Wadizilo zija muzisiye kaye. Tsiku loyamba batire musaliyandikize nkomwe. Matulani matepi onse muunike ndi tochi mbali zonse ziwiri, kolowera mpweya ndi kotulukira utsi. Osunga ma injini amakonda kuponyamo timatumba toyamwa chinyezi, ena sanza, ndipo makoswe ndi mavu aja omanga ndi dothi mabowo oterewa ndi nyumba zawo. Chilichonse chomwe chatsala mmenemo chidzadutsa mu turbo ndi mmavavu. Turbo yomweyo muizunguze ndi chala, iziyenda myaa osakhula mmbali.

Mukatero chotsani ma injekita onse 6, mapayipi ake mutseke kukamwa asalowe fumbi. Mu silinda iliyonse thiranimo oyilo wopepuka sipuni yaikulu imodzi kapena ziwiri, muisiye masiku awiri olo atatu. Chotsaninso ma top cover, injini imeneyo ili ndi mitu iwiri, uliwonse masilinda atatu, nde makava ndi awirinso. Thirani oyilo pa ma rocker ndi pa mavavu, vavu iliyonse muikanikize kapena kuigogoda pangono ndi hamala yapulasitiki muone ngati ikutsika nkubwerera yokha. Vavu yomwe yakhala yotseguka zaka 15 ndi imene imagwira dzimbiri, chifukwa injini ikaima pamakhala masilinda ena omwe atsala kukamwa kuli yasa ndipo chinyezi chimalowera momwemo. Mukagwaza sitata vavu itagwira, pushirodi imapindika, zikavuta pisitoni imamenya vavuyo, ndiye mwagula ntchito yomwe kunalibe.

Tsopano zunguzani kiranki ndi dzanja, soketi ndi chitsulo chachitali pa bawuti ya pule yakutsogolo kapena kudzera ku flywheel. Osati kamodzi, izungulire kawiri kathunthu chifukwa four stroke imamaliza ntchito yake yonse pa maulendo awiri, nkuonjezeranso ena angapo muli kuyang'ana mavavu onse 12 akusewera. Ikaima pena pake nga, musaikakamize ndi chipayipi chachitali, bwererani mmbuyo pangono muonjezere oyilo mudikire. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ngati mungabwereke kakamera kaja kolowetsa pa bowo la injekita muunike makoma a masilinda, dzimbiri lofiirira lapamwamba limachoka lokha koma likakhala lokumba maenje kapena pali mzere osonyeza pomwe panaima madzi, mutu utsike basi.

Nkhani ya oyilo wamu masilinda ija ndiibwereze chifukwa ambiri amafera pomwepa. Injini yanuyo ndi malita 7.8, kugawa pa 6 ndiye silinda imodzi ndi malita 1.3, ndipo compression yake ndi 22 kwa 1. Mukawerengetsa mupeza kuti pisitoni ikafika pamwamba malo otsala ndi pafupifupi 60 ml basi, kotala ya kapu. Zamadzimadzi sizipanikizika. Mukasiyamo oyilo wambiri nkumanga ma injekita, kondirodi ipindika sitata ikangokoka, mofanana ndi mmene inafera inzake ija. Nde oyiloyo atuluke kaye ma injekita asanabwerere.

Oyilo wamu sampu mkhuthuleni ngakhale akuoneka woyera. Madzi amakhala pansi penipeni pomwe dipisitiki siifika, muzaona zoyamba kutuluka mukamasula bawuti. Komanso mwina si oyilo woyendera, angakhale wosungira chabe. Imamwa malita pafupifupi 21 pamodzi ndi mafyuluta ake awiri, ndipo mafyuluta amenewo amakhala chadodolido moti injini ikaima oyilo yense amatsikira ku sampu, nchifukwa chake olo yabwinobwino imatenga masekondi angapo geji isanadzuke mmawa. Nde ganizani ya zaka 15, mabering ali gwa kuuma. Ine ndimatenga chopopera mankhwala chatsopano chosagwirapo ntchito, kuthiramo oyilo malita atatu kapena anayi, kulumikiza pa bowo la oil pressure sender nkupopa mpaka oyilo aoneke akutuluka pa ma rocker, wina akuzunguza kiranki pangonopangono. Turbo muithire wake payokha pa payipi yapamwamba. Kenako pa bowo lomwelo mangani geji ya payipi, osati yamagetsi, ija singanama.

Apa mpomwe batire likubwera. Ma injekita akadali kunja, mafuta otseka, yalani sanza pamwamba pa mabowo, zunguzani ndi sitata masekondi 10 kapena 15 nkupumitsa. Popanda compression imazungulira mopepuka, oyilo wamu masilinda afwamphuka yense ndipo geji ikuyenera kudzuka. Ikakana kudzuka mutayesa kanayi kasanu, imani, musapitirire.

Pokhazika, musayerekeze kuiika pa ka stand kozungulira ka ma injini a galimoto zazingono kapena kuiliza ili lende pa tcheni. Ngati pansi pa chibokosi chija pakadali ndi miyendo yake yomangira, ilizireni momwemo ili yomanga mabawuti. Apo ayi zipika zochindikala, sampu isakhudze pansi, ndi malamba kapena matcheni mbali zonse chifukwa ikamalira imadzipotokola mbali imodzi. Ndipo panja, osati mu shedi yotseka, utsi umapha mwakachetechete.

Chilole6x6

Madala zikomo kwambiri, za 60 ml zija zandiopsa chifukwa ine ndimati ndingodzaza masilinda onse ndi dizilo igone sabata. Nanga madzi? Nkofunika kutsitsa radiyeta mu chilolemo kapena ndikhoza kuiliza youma pangono pokha? Ndipo za kuthawa zija simunandiyankhe, ndi zomwe zikundisowetsa tulo kwenikweni.

Mayi_wa_Mapampu

Achimwene, za kuthawa ndiyankhe ine poti mapampu a dizilo ndi omwe ndimaswera pa benchi. Si nkhambakamwa. Injini ya petulo mukachotsa waya wa moto yazima, ya dizilo yakale ngati yanuyo ilibe chamagetsi chilichonse choizimitsa, mukhoza kuchotsa mabatire onse iyo nkumalirabe. Imazima pa zinthu ziwiri zokha, kuimana mafuta kapena kuimana mpweya. Ilibenso chotseka mpweya ngati cha kabureta, mpweya umalowa mmene ukufunira, liwiro limayendera mafuta omwe pampu yapereka. Nde pampu ikagwira ili pa mafuta onse ndipo injini ilibe katundu, mmasekondi ochepa yadutsa 2600 rpm yomwe governor (kachipangizo ka mu pampu koletsa liwiro kupitirira) amayenera kuigwirira, kenako zitsulo zimayamba kutuluka panja.

Pampu ya injini yanuyo ndi ya American Bosch, ili ndi plunger (kapisitoni kopopa mafuta) imodzi yokha yomwe imakwera kutsika uku ikuzungulira kugawa mafuta ku masilinda onse 6. Dizilo akakhalitsa amauma nkusanduka ngati vanishi, nde ka sleeve koyeza mafuta kamamatirira pa plunger. Pambali pa pampu, pomwe pamalowa waya wozimitsira injini, pali kachivindikiro ka masikuluwu awiri. Tsegulani pamenepo muona kamkono kakangono. Kakankheni ndi chala, kakuyenera kuyenda mopepuka nkubwerera kokha. Kakakhala kolimba kapena kakubwerera mwaulesi, injini imeneyo isalire. Kanyowetseni ndi dizilo watsopano kapena mankhwala osungunula dzimbiri, muzikagwedeza pangonopangono ndi chala basi, pulayala ayi, kakakanika pitani nayo pampuyo kwa odziwa. Ndipo musamasule zamkati mwa governor kapena kutsitsa pampu musanaphunzire ma timing mark ake (zizindikiro zoonetsa mmene pampu imalunzanira ndi injini), anthu amabwera nazo mu chidebe zidutswa zokhazokha.

Si mtundu uwu wokha. Mapampu a mzere ngati a injini ya OM352 ya chilole cha Unimog, rack (ndodo yoyeza mafuta) imagwira chimodzimodzi. Ma injini a Detroit a two stroke aja, a mtundu wa 53 ndi 71, ma injekita onse amakokedwa ndi ndodo imodzi moti pa akale imodzi ikagwira imagwiritsa anzake onse, nchifukwa chake ambiri anawaikira chitseko chadzidzidzi chotseka mpweya pa blower, chipangizo chokankhira mpweya mu injini. Opanga eni akewo ankadziwa.

Pali kuthawa kwinanso koipa kuposa apa, kothawira oyilo. Sili ya turbo ikatha, oyilo wamu sampu amalowa ndi mpweya injini nkumamuotcha ngati dizilo, apa olo mudule payipi ya mafuta sizithandiza. Ndiye chida chanu chachikulu tsiku limenelo ndi thabwa. Thabwa lochindikala losalala kapena chitsulo chafulati chokwana kutseka kukamwa konse kwa turbo, muliyeseretu injini isanalire muone kuti likutseka thi popanda mpata, ndipo pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi thabwa lokhalo, asagwire foni asagwire sipanala. Sanza ayi, malaya ayi, katoni ayi, zimamezedwa. Dzanja ndiye musayerekeze. Chozimira moto cha CO2 chimathandizanso mukachipopera polowera mpweya, koma cha ufa chija kapena madzi zimazimitsa injini nkuiononga pomwepo.

Za mafuta: mafyuluta a dizilo awiri omwe ali pa injinipo sinthani, mkati mwa zikho zake mutsuke. Dizilo akhale watsopano mu chigubu choyera, osati wa mu thanki ya chilole chomwe chaima chaka. Mu chilole mumakhala pampu yamagetsi mu thanki yomwe imakankha mafuta kupita ku injini, pansipo mulibe, nde pachikani chigubu pamwamba kuposa injini kapena ikani kapampu kamagetsi ka mphamvu yochepa. Payipi ya return ibwerere mu chigubu chomwecho, ambiri amaiwala nkusamba dizilo. Mukagwiritsa payipi yoonekera mkati muziona thovu likamatha. Chotsani mpweya pa sikuluwu ya pamwamba pa mafyuluta, kenako manati a pa ma injekita muwasiye omasuka pangono muzunguze mpaka dizilo aoneke pa onse, nkumanga. Chala chisayandikire pamenepo ikamazungulira, mafuta amatuluka ndi mphamvu ya pafupifupi 200 bar, amaboola khungu ndipo kabala kake kamaoneka kachabechabe koma anthu amadulidwa nako zala. Poti ma injekita muwachotsa kale, apititseni akawayese pa tester, nozo yodontha imaotcha pisitoni.

Chomaliza, pa pampu yomweyo pali kachipangizo kotchedwa fuel density compensator, ndi komwe kamachititsa kuti injiniyi izitha kumwa mafuta osiyanasiyana mphamvu osasintha kwambiri. Kakakalamba kamadonthetsera dizilo mu oyilo, ma O ring a mutu wa pampu nawonso amatero, poti pampuyi imadzozedwa ndi oyilo wa injini yemweyo. Nde lembani pomwe oyilo ali pa dipisitiki musanailize, mukazimitsa muonenso ndi kununkhiza. Akamakwera yekha ndiye kuti dizilo akulowa.

Wadizilo

Iii mayi ndi madala mwamuopseza mwana wa eni ake mpaka agulitsa injiniyo kkkk. Za thabwa ndavomera, ndinaonapo ina itathawa tonse tinabalalika mwini wake yekha ndi amene anatsala akulira. Koma ether ndiye mukumunamizira, asilikali eni akewo zilole zina anaziikira botolo la ether lolizira kukazizira. Nde cholakwika nchani ine ndikapopera kamodzi?

Madala_Sipanala

A Wadizilo, botolo mukunenalo lilipodi pa zina, koma limapereka kamlingo koyeza injini ili kale mkuzungulira, ndipo ndi la kumalo kozizira koopsa. Si chala cha munthu chomwe chakanikiza sipuleyi mpaka mkono kutopa. Ether amaphulika msanga pisitoni isanafike pamwamba, pa 22 kwa 1 ndi ma ring omwe akhala zaka 15 osasuntha mukufuna athyoke? Komanso zina mwa injinizi zili ndi heater ya lawi la moto pa manifold, ndipo zokhala ndi ma glow plug otenthetsa mmasilinda ngati injini ya malita 6.2 ya galimoto ya asilikali ya Humvee ndiye ether ndi bomba. Chachikulu nchakuti mnzathuyu akufuna kudziwa ngati injini ili bwino. Ikalira ndi ether waphunzirapo chani? Olo yakutha ma ring imalira ndi ether. Yabwino, mafuta afika, mabatire ali odzadza, ikuyenera kulira yokha.

Za madzi aphwanga, youma ikhoza kulira theka la miniti osaonongeka koma simuonapo kanthu kupatula kumva phokoso. Tsitsani radiyeta muimike patsogolo ndi mapayipi ake, thirani madzi wamba kaye poti mwina mukhuthulanso. Mukufuna ifike potentha thermostat itseguke, ndi pomwe gasiketi ya mutu, water pump ndi tizivindikiro ta mu buloko timaulula. Fani muichotse kapena pasayandikire munthu.

Zamagetsi24

Ndionjezereko mbali ya moto poti enawa anena zambiri kale. Chilole chimenecho ndi cha 24V, nde mabatire awiri a 12V muwalumikize motsatana, positive ya limodzi ku negative ya linzake, zotsalazo ndi zomwe zikupita ku sitata. Onse akhale ofanana kukula ndipo ochajidwa full. Musayese ndi limodzi kuti tingoona, moto ukachepa sitata imakoka mwaulesi nkumatentha ndipo ma contact a mu solenoid amatha kuwotcherana, ndiye sitata imangozungulirabe inu mwasiya kale batani. Pa chifukwa chomwecho ikani switch yaikulu yodulira batire kapena terminal imodzi ikhale yoti mukhoza kuizula msanga.

Majampa opyapyala a galimoto yaingono sangathe, asungunuka mmanja. Tengani makebulo enieni a mu chilolemo, negative imangidwe ndi bawuti pa sitata penipeni kapena pa buloko pomwe mwapala penti mpaka chitsulo kuwala. Polizira gwiritsani batani lokhala ndi waya wautali kuti muime pambali, zogundanitsa ndi sikuludiraiva zija zimathetheka moto pafupi ndi chigubu cha dizilo komanso nkhope yanu imakhala pafupi ndi flywheel. Mabatire akhale patali pangono ndi chigubu.

Alternator musaisiye ikuzungulira mawaya ake ali lendelende, mwina ilumikizeni bwinobwino mmene imakhalira kapena muonetsetse kuti siikupanga moto ndipo mawaya mwawakulunga tepi, kungoti malamba ake ndi omwenso amayendetsa water pump nde osangowachotsa. Kompuresa ya mabuleki ili ndi lamba wake, ameneyo chotsani. Muyendenso injini yonse kufufuza mabowo a oyilo ndi a madzi omwe anatsekedwa ndi tizipulasitiki tosungira, timeneto pressure ikabwera timauluka. Ndipo sitata isanamangidwe unikani mano a flywheel kuzungulira konse, pano mpomwe mukuwaona bwino.

Chilole6x6

Akuluakulu ndabwera ndi lipoti, pepani ndinakhala zii masabata awiri, ndimatsata zomwe munanena chimodzichimodzi.

Choyamba mu payipi yotulukira utsi ndinapezamo chinyumba cha mavu chadothi chachikulu ngati chibakera, ndipo kolowera mpweya munali kathumba ka timibulu toyamwa chinyezi, a Wadizilo mukanandiphetsa turbo kkk. Oyilo wamu sampu kutsegula chonchi kunayamba kutuluka timadzi pangono, mwina theka la kapu, kenako oyilo woyera. Kiranki inakana tsiku loyamba, ndinaisiya masiku atatu ndi oyilo mmasilinda kenako inasuntha ndi kaphokoso kenaka nkumayenda. Vavu imodzi ya utsi pa silinda 5 inali yogwiradi, imatsika osabwerera, ndinalimbana nayo madzulo onse ndi oyilo ndi kahamala mpaka inayamba kudumpha ngati zinzake. Pushirodi yake ndinaigubuduza pa galasi ili yowongoka.

Mayi, kamkono ka mu pampu kaja kanali gwa, osasuntha olo pangono, ndipo mmene ndinakaonera kanaima cha ku mafuta ambiri. Thupi linachita tsembwe nditaganiza kuti ndikanangogwaza sitata. Ndinakanyowetsa masiku awiri ndikukagwedeza ndi chala mpaka kanamasuka nkumabwerera kokha. Ma injekita anakawayesa, awiri amadontha anasintha manozo.

Geji ya oyilo inadzuka pa ulendo wachitatu wa sitata ma injekita ali kunja. Loweruka tinaitulutsa panja ili mu chibokosi chake chomwecho, radiyeta patsogolo, mchimwene wanga atagwira thabwa manja akunjenjemera. Ulendo woyamba inangotsokomola, wachiwiri inagwira, opanda ether. Inakwera liwiro kamphindi mpaka achimwene anatsala pangono kutseka koma inatsika yokha nkukhazikika, ndikuganiza inali kuotcha oyilo wotsalira uja. Utsi tolo woyera wosakanikira ndi wabuluu moti sitimaonana, patatha mphindi zisanu unayamba kuchepa. Oyilo anali pa 60 psi ili yozizira, itatentha anatsika kufika cha mma 35 pa idle. Waya wozimitsira ndinauyesa itangolira kumene ndipo inazima pompo, nkuilizanso. Yalira mphindi 25 zonse pamodzi, kulira kwake kosalala, turbo ikuimba kamluzu kake.

Zovuta zomwe ndaona ndi zitatu. Kumbuyo pansi pa flywheel housing kukudontha oyilo, dontho limodzi pakapita kanthawi. Kachivindikiro kamodzi ka madzi ka mu buloko chakumbuyo kakuchita thukuta. Chachitatu nchomwe chikundidetsa nkhawa, polumikizira ekizozi ndi turbo pakutuluka zinthu zakuda zamadzimadzi ngati oyilo wakupsa. Kodi turbo yapita? Oyilo pa dipisitiki sanakwere ndipo sakununkha dizilo. Ndiilizenso maola angapo kuti ziume?

Madala_Sipanala

Ayi aphwanga, maola angapo pa idle ndi omwe angaonjezere zakudazo. Injini ya dizilo yopanda katundu siitentha mokwanira mkati, mafuta ena sapsa nde amasakanikirana ndi mwaye nkumatsika mu ekizozi, kuphatikiza oyilo munathira mmasilinda uja, komanso ngati inakonzedwadi osalirapo ndiye ma ring ake sanakhazikike. Amakhazikika ikamakoka katundu pamsewu, osati itaima. Kuti mtima ukhale pansi masulani payipi yochoka ku turbo kupita ku manifold mupisemo chala injini ili yozima, mukapeza mouma kapena kachinyezi chabe turbo ilibe mlandu, mukapeza oyilo ali thapsa ndiye tikambirane musanailizenso. Gwedezaninso shafuti yake, kusewera pangono mmbali nkwabwinobwino bola mapiko asakhudze khoma.

Sili yakumbuyo sinthani pano flywheel ili poyera, pamodzi ndi pilot bearing, ndipo muunikenso gasiketi ya sampu chakumbuyoko chifukwa nthawi zina odontha amakhala ameneyo sili nkumangonamiziridwa. Tizivindikiro ta madzi musasinthe kamodzi kokhako, tonse takhala zaka zofanana, ndipo takumbuyo mukaikweza simuzatifikiranso. Oyilo yemwe yalira nayeyu mkhuthuleni akadali wotentha, mutsegule fyuluta imodzi muyale pepala lake padzuwa muone ngati muli tizitsulo tonyezimira.

Mayi_wa_Mapampu

Kamkono kaja mukaonenso tsiku lomwe muzailize koyamba ili mu chilole, komwe kanagwirapo kamodzi kamatha kubwereza kakakhala masabata osayenda. Ngati kukweza kuchedwa, muziiliza pangono sabata iliyonse kapena muzingotsegula kachivindikiro nkukagwedeza. Thanki ya chilolecho mutsuke musanalumikize, ndipo payipi ya air cleaner muisiye yosamanga tsiku limenelo kuti achimwene anu apeze poika thabwa lawo.